Ndinasainira Mbale ya Nkhuku

Anandilanda malo anga oumbirapo njerwa kuseri kwa komboni ya Chipulukusu, pamodzi ndi uvuni umene ndinali nditasanja koma ndisanauyatse. Sukulu ndinalekezera giredi 10, ndipo dothi limenelo ndilo linkandidyetsa. Lero pali mpanda wa waya ndi chikwangwani chachikasu chokhala ndi chizindikiro chonga fani ya mapiko atatu. M'katimo akukwiriramo migolo ya zinyalala za kumigodi, zija zotulutsa cheza chosaoneka chimene chimadwalitsa khansa.

Boma limati linatifunsa. Kufunsa kwake kunali kotere.

Msonkhano sanauchitire kwathu ku Ndola. Anauika ku Kitwe, mu holo ina ku Parklands, Lachiwiri m'mawa, nthawi imene munthu wa maganyu ali kalikiliki. Tsikulo basi inaima pamsika, wina n'kumaitana kuti kuli chakudya chaulere. Anakwera amayi a tomato ndi anyamata a mawilibala. Ine ndinakwera chifukwa ndinali nditaona anthu a zipewa zoyera akupima pafupi ndi uvuni wanga. Malume, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki wa mu ofesi, anakwera atavala jekete la Lamulungu.

Pakhomo pa holo panali mtsikana ndi pepala. "Dzina, nambala ya chiphaso cha reji, musaine apa. Tikufuna tidziwe mbale zingati." Tonse tinasaina, ena ndi chala.

Bwana wa boma analankhula maola awiri m'Chingerezi, zithunzi zikusinthasintha pakhoma. Womasulira m'Chibemba ankangobwereza kuti palibe choopsa. Itakwana nthawi ya mafunso ndinaimirira.

"Bwana, ife timamwa madzi a m'zitsime zosazama. Mvula ikagwa dambo lonse limasefukira. Migolo yanuyo ikadontha tidzamwa chiyani? Komanso malowo ndi pamene ine ndimaumba njerwa."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kunditchula mwana m'Chibemba. "Mwaice, sukulu unafika pati?"

"Giredi 10, bwana."

"Ndiye za sayansi utisiyire ife."

Holo inaseka, ngakhale amene ndinakwera nawo basi imodzi. Malume anandikoka malaya.

"Khala pansi iwe, usatichititse manyazi."

"Malume, chitsime chomwecho inunso mumamwa."

"Ndati khala."

Ndinakhala, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa kuseka kuja. Wapampando anati nthawi yatha, nkhuku ikuzizira.

Mpanda utaimikidwa ndinapita ku ofesi yawo kukadandaula. Mayi wa pa desiki anatulutsa lipoti lonenepa ngati Baibulo la paguwa, natsegula kumapeto. Linali pepala la pakhomo lija, koma pamwamba atalembapo mutu ndi makina: anthu a m'deralo amene anafunsidwa ndipo sanatsutse. Dzina langa linali nambala 7. Ndinawerenga lipotilo tsamba ndi tsamba nditaimirira, kufunafuna funso langa la zitsime. Munalibe.

"Si dzanja lako ili?" anafunsa mayiwo.

"Ndinasainira mbale, mayi."

"Apa sipanalembedwe mbale."

Amandinena kuti ndine mbuli. Chabwino. Koma mbuli yomweyo dzina lake analifuna kuti lipoti lawo lidutse, ndipo sanandifunse giredi pamene ankandipatsa bolopeni. Malume masiku ano amagula madzi a m'zigubu, koma nkhaniyi ndikaiyamba amati ndilibe ulemu.

Chipukuta misozi cha malo anapatsa okhala ndi mapepala a malo. Kwathu alipo angati? Ine anati adzandilipira njerwa zokha, zimene chigalimoto chogumula cha katapila chinazisandutsa matope m'mawa umodzi. Munthu wawo anali ataziwerenga yekha, nandipatsa kapepala kodinda. Ku ofesi kuja ndapitako kasanu ndi kamodzi. Nthawi zonse wosaina ali ku msonkhano, mwina wofunsa anthu ena maganizo awo. Ali nazo zanga 3,800 kwacha za njerwazo.