Kalata ya dividendi imene ndinawabisira amayi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinawanamiza amayi anga ndi liwu limodzi lokha. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Sheffield, m'kanyumba ka lendi pamwamba pa chitunda choti ukatsika basi umafika pakhomo uli wefuwefu. Adadi anabwera kuno kudzaphunzira, kenako anapeza ntchito ya mu ofesi. Amayi ankagwira kunyumba yosamalira okalamba. Woyamba kufika panyumba masana ndinali ine, ndiye makalata onse ogwera kuseri kwa chitseko ndinkatola ndine.

Adadi anali atagula masheya m'kampani ina yoyendetsa gasi m'mapaipi. Nkhaniyi ankaikonda moti ngakhale alendo a kutchalitchi sankapulumuka. Ankati gasi adule kapena atchipe, mwini paipi alibe nazo ntchito, iye amangolipiritsa zodutsamo, ngati wachigayo amene amalandira yake kaya chimanga chakwera kaya chatsika. Nanga m'dziko lozizira chonchi, ndani angasiye kuyatsa hita? Kawiri pachaka kampaniyo inkagawira eni masheya kagawo ka phindu, kamene amati dividendi. Ya mu Epulo inkathera zapanyumba. Ya mu Novembala inali ndi mwini wake: agogo obereka amayi, ku Ntcheu. Inkagula feteleza.

Zinayenda bwino zaka ziwiri, mpaka kumudzi anazolowera. Amalume a Yohane, amene ankayang'anira munda wa agogo, ankangoti "ndalama ya paipi" ngati akunena malipiro a boma.

Tsiku lina mu Okutobala ndinatola envelopu ya kampaniyo n'kuitsegula. Sikunali kulakwa, chifukwa adadi ankakonda kuti ndiziwawerengera makalata amenewa mokweza, azinyadira Chingerezi changa. Mawu ambiri sindinawamve, koma chiganizo chimodzi chinali chosachita kufunsa. Akuluakulu a kampani anali atagwirizana kuti ulendo uno sapereka dividendi, ndalamazo akufuna kukonzera mapaipi akale.

Adadi anafika amayi asanaweruke. Anaiwerenga kawiri ali chiimire, jekete ikudontha madzi pakapeti. Kenako anaipinda, naiika m'thumba lamkati.

"Tadala, amayi ako usawauze. Ndikonza ndekha."

Ndinawafunsa za feteleza. Anati apeza ndalamayo mvula isanagwe, ndipo palibe chifukwa chomudetsera nkhawa munthu amene amabwera atatopa kale. Kunena zoona, ndinamva kukoma. Ndinadziona ngati wamkulu, woti bambo angamusungitse chinsinsi.

Loweruka lake amayi ankandiluka tsitsi, ine nditakhala pansi pakati pa maondo awo. Fungo la mafuta a tsitsi aja ndimalimvabe. Anangofunsa mosaganizira, chipeso chili kukamwa, ngati kalata ya paipi ija yabwera.

"Ayi," ndinatero.

Pompo anatenga foni, naipanikiza ndi phewa, manja akulukabe, n'kuwaimbira amalume. Anawauza kuti kandalama kamene ali nako agule mbewu ya haibulidi, adzale munda wonse, za chimanga chamakolo asavutike nazo chifukwa feteleza akubwera monga mwa nthawi zonse. Ndinamva amalume akuseka pafonipo, akuti awauze alamu awo asatseke mpope. Ndikanatha kutembenuka n'kulankhula. Ndinangoweramitsa mutu monga wolukidwa amachitira.

Adadi anayesa, sindiwanamizira. Anapempha maola owonjezera kuntchito, sanapezeke. Anaganiza zogulitsa masheyawo, koma mtengo wake unali utagwa tsiku limene nkhaniyo inamveka, ndiye sabata iliyonse ankati adikire pang'ono ukwere. Novembala anadutsa. Amayi akafunsa, ankati kubanki zachedwa. Ine ndinkathawira kuchipinda ndi buku la sukulu, osawerenga kanthu.

Kumudzi mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ndipo chimanga chinamera. Pakati pa Disembala amalume anaimba, osasekanso, kunena kuti munda wonse wayamba chikasu, ndipo haibulidi wopanda feteleza ndi udzu basi. Madzulo omwewo adadi anatulutsa kalata ija. Inali itafewa ndi kupindidwa. Amayi sanawerenge zambiri. Anayang'ana tsiku limene inalembedwa, kenako anayang'ana ine.

"Tsiku lija ndinkakuluka tsitsi, unali ukudziwa?"

Ndinavomera. Ndinkayembekezera mbama, ndipo mwina ikanandipepuza. Iwo anangokhala pampando, yunifolomu ya kuntchito ikadali m'thupi, n'kulankhula motsitsa kwa tonse awiri.

"Mukanandiuza mu Okutobala ndikanatenga mashifiti ena. A Yohane akanadzala chamakolo, akanathira manyowa. Ndalama si imene mwandibera. Mwandibera miyezi iwiri."

Ndalama inatumizidwa Khirisimasi itadutsa, amayi atagwira ntchito masiku onse a zikondwerero. Inafika nthawi itatha. Chimanga cha agogo chinatha m'nkhokwe dzinja lisanayandikire n'komwe, anagulitsa mbuzi zawo zonse, ndipo tinamva kwa anthu ena, osati kwa iwo, kuti ankakagwira ganyu m'minda ya anzawo, munthu wa msana wovuta. Mpaka anamwalira akudziwa kuti chaka chimenecho paipi inaphulika, poti ndi zimene amalume anawauza.

Chilango changa chinali chachete. Amayi anangoti kuyambira pamenepo makalata ndizisiya patebulo osatsegula. Panapita zaka asanandifunsenso chinthu n'kukhutira ndi yankho langa loyamba.

Lero ndili ku Wakefield, ndili ndi satifiketi yanga ya kukoleji ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, Mphatso. Tchuthi cha uchembere chikutha, ndipo sindikufuna kumusiya ndi anthu achilendo. Amuna anga, a Chikondi, akufuna tigule masheya a mtundu womwewo, a mapaipi ndi magetsi. Amandionetsa pafoni, akuti m'tsogolo dividendi izidzatithandiza kuti ndizigwira masiku ochepa. Sikuti ndi maganizo oipa. Masheya a adadi anayambanso kulipira patapita zaka ziwiri, ndipo akadali nawo. Koma sabata yatha a Chikondi anawonjezera kuti gawo lina lizilipira fizi ya mlongo wawo wamng'ono ku Zomba.

Ndinawafotokozera nkhani yonseyi, koyamba chikwatiranireni. Ndinawauza zimene ndikuzimvetsa tsopano, kuti dividendi si malipiro. Ndi chiganizo cha anthu ochepa m'chipinda china, amene sadziwa tsiku limene sukulu imatsegulira ku Zomba, ndipo akhoza kuchisintha ndi kalata imodzi popanda kulakwira lamulo. Tingathe kugula, pang'ono, ndi ndalama imene sitingalire nayo. Koma munthu wakumudzi tisamulonjeze ndalama imene sinafike m'manja, chifukwa iye akamva lonjezo amasiya njira zina zonse.

A Chikondi anamvetsera akumugwedeza Mphatso pabondo. Kenako anavomera kuti mlongo wawoyo anali atamuuza kale, ndipo mtsikanayo wasiya kufunsira thandizo la fizi kumene ankafunsira.

Sindinakalipe, ndinalibe nkhope yokalipira. Anati amuimbira kumuuza kuti asadalire ndalamayo kumapeto kwa mwezi, akaona mmene zinthu zikuyendera. Ndinamunyamula mwana, n'kuwapatsa foni yawo m'manja.

"Muimbireni lero, bambo a Mphatso. Teremu ikadali kutali."

Ndinaima pomwepo mpaka ndinamva mtsikanayo akuyankha.