Pakamwa pa aTimóteo

Ku Lifidzi kunalibe munthu wosadziwa matenda a aTimóteo. Anali mphunzitsi, ndipo ali mnyamata ku misau, mishoni ya Fonte Boa, ansembe anawaphunzitsa shadirezi, masewera a mafumu ndi akavalo pathabwa. Kugonjetsa mnzawo sikunkawakwanira. Akatha ankabwezera zidole m'malo mwake n'kuyamba kukumba: apa munathamangira kudya, apa munasiya mfumu pambalambanda. Akazi awo, a Olinda, ankati pakamwa pamenepa padzawagwetsera m'dzenje.

Nkhondo itatseka sukulu, aTimóteo anatsalira kulima mbatatesi. Masana ena anthu amfuti anatulukira m'mudzi kudzatenga chimanga ndi amuna ochisenza. Komandante wawo, pofufuza m'nyumba, anatuluka ndi thabwa lija.

"Mwini wake ndani? Abwere tisewere."

ATimóteo anakhala pansi pakhonde. Mantha anawauza chinthu chimodzi: munthu wa mfuti sagonjetsedwa anyamata ake akuona. Koma mkuluyo ankasewera mwachisawawa! Anatulutsa mfumukazi msangamsanga, kumbuyo kuli pululu. ATimóteo anachita kuvutikira kuti agonje. Anapereka kavalo, anapereka nsanja, thukuta lili kamukamu, mpaka mfumu yawo inasowa kothawira.

Anyamata anaomba m'manja. Komandante anaseka, nati, "Ndiye mphunzitsi wake ameneyu? Tandionetsani pamene mwalakwa."

Apa mpamene anafunika kungoti mutu wakalamba. Koma chizolowezi n'choipa. Manja anabwezera zidole okha, ndipo pakamwa panatseguka.

"Apa, bwana, ndikanalumphitsa kavalo, mfumukazi yanu ikanapita. Ndiye apa munaiwala kubisa mfumu, moti nsanja yangayi ikanangotsika basi..."

Anamva mawu awo omwe, n'kuzindikira kuti adziulula. A Olinda anali atagwira pakamwa kuseri kwa nkhokwe.

"Zonsezi munkaziona," anatero komandante motsitsa mawu. "Mwandinyengerera ngati mwana."

"Pepani, bwana. Ndimaopa."

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pamfuti. ATimóteo anayamba Tikuoneni Maria chamumtima, koma mawu ankasokonekera pakati.

"Nyamulani thabwa lanu. Tikasewera kumsasa. Tsiku limene ndidzakugonjetseni zenizeni, ndiye kuti ndathana nanu."

Anawasenzetsa thumba la chimanga, thabwa kukhwapa, osawalola n'kutsanzika komwe. Analowa pamzere wa amuna anzawo kulunjika kuphiri. Kulira kwa a Olinda kunawatsatira mpaka kumtsinje.

Njira yonse ankasinkhasinkha mawu aja monga ankachitira ndi masewera, kufunafuna potulukira. Akamapambana, kwawo sadzakuonanso. Akadzagonja, komandante adzathana nawo. Ankafunitsitsa kufunsa ngati kuthanako n'kuwabweza kwa akazi awo kapena kuwasiya ali gone m'tchire. Anayang'ana mfuti imene inali patsogolo pawo, nakhala chete.