Biriwita wa Chidole cha Msuweni

Lero ndimadutsa pa telala wina ku Kaliyeka, fungo la mafuta a makina n'kundibweza ku Mgona, pakhonde pomwe amayi ankasokera.

Tsiku lina msuweni wanga wa ku Area 25 anabwera ndi chidole cha pa kaunjika, cha tsitsi lofika m'chiuno. Ankafuna chivale ngati akazi akale, akachionetse kusukulu. Amayi anakankhira pambali yunifolomu yanga yong'ambika kumbuyo, yomwe inali itatopa n'kudikira, n'kutulutsa kansalu kakuda ka biriwita.

"Amayi, nanga yunifolomu yanga?"

"Iwe, sukuona mlendo? Ubaya pini."

Anapinda m'mphepete bwinobwino, akuyimba, n'kuchimanga chidolecho nsaluyo pachifuwa. Changa, chitsononkho chokulunga m'sanza, ndinachiponda kuti msuweniyo asachione.

"Koma akazi akale sankayenda khosi lili mbee," anatero amayi. Anadula mkanda wofiira uja, womwe anandilonjeza kuti ndidzavala ndikakula.

"Tagwira chidolechi, usagwedeze."

Ndinachigwira pakhosi, ndikufinya mpaka zala kuwawa. Icho chinkangondimwetulira, mikanda yanga ikutsika pa ulusi umodziumodzi.