Majagi Awiri Ofanana

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, omwe ankachapa zofunda pa loji ina m'munsi mwa phiri la Michesi. Ndinali nditatha zaka ziwiri pakhomo chilembereni mayeso a Fomu 4, ndikupalira nandolo ndi kutola nkhuni, mtima uli kwina. Tsiku lina anafika nati, "Kubala ya mowa ya pa loji akufuna wotsuka matambula. Mawa uvale zoyera, ndipo usakachuluke zonena."

Mkulu wa bala anali a Makwinja, bambo wamfupi amene anagwirapo m'mahotela a ku Blantyre. Ataona kuti sindikhazikika pasinki, anayamba kundiphunzitsa makokitelo, zakumwa zosakaniza mowa ndi madzi a zipatso. Anandionetsa jiga, kachikho kachitsulo koyezera mowa, ndi sheka yokhutchumulira chakumwa pamodzi ndi ayisi mpaka chitsulo chitachita thukuta. "Diso limanama," ankatero. "Yezani."

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mayi Muhiwa, namwino wa kuboma. Mwana wawo wamkazi anali atamaliza kukoleji, ndipo ankafuna phwando looneka ngati la pachilumba cha m'nyanja yamchere. Ife a m'phiri, nyanja yamchereyo tinkangoiona pafoni. Tinatuta mchenga kumtsinje n'kuuwaza pabwalo, tinamanga masamba a nthochi m'mizati, tinatunga maluwa pa ulusi kuti alendo avale m'khosi. Nanazi anabwera panjinga kuchokera ku Mulanje. Ine ndinapala makokonati n'kufinya mkaka wake pansalu yoyera mpaka zala zinachita dzanzi.

Asanachoke, mayiwo anatiitanira pambali. "Bambo akunyumba anasiya mowa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo," anatero motsitsa mawu. "Tinavutika nawo kwambiri. Asalawe ngakhale dontho."

Pa tsiku laphwando tinakonza majagi awiri a nanazi ndi kokonati, ina yothira mowa wa ramu, ina yopanda. Maonekedwe ake anali amodzi. Ndinamata kapepala pa jagi iliyonse n'kulemba ndi cholembera.

Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko m'mawa. Jenereta inalira pang'ono n'kuzima nayonso. Alendo anali atayamba kale kufika, atavala malaya amaluwamaluwa, aliyense akufuna chozizira. A Makwinja anathamangira kuseri kukaona jenereta, n'kundisiya ndekha pabala. Filiji itayamba kufunda, ndinakhuthulira ayisi yense m'beseni lalikulu n'kuimikamo majagi aja. Ndinkadula mandimu, kutsuka matambula, kuyankha uku ndi uku. Miyendo sindinkaimva.

Nthawi ya zolankhula itakwana, woperekera zakudya anabwera ndi thireyi. "Ya bambo a mwana, yopanda mowa. Fulumirani, akufuna kukweza matambula."

Nditayang'ana m'beseni, ndinapeza ayisi wasungunuka theka, ndipo timapepala tija tikuyandama pamadzi, inki itafufutika. Ndinkakumbukira kuti yopanda mowa ndinaiika kumanja. Kapena ndinaisuntha potunga ayisi? Woperekera uja ankagogoda thireyi ndi chala. Ndinathira ya kumanja, n'kuika kachidutswa ka nanazi pamlomo pa tambula, iye n'kunyamuka.

Mtima unakana kukhala pansi. Ndinatenga supuni n'kulawa za mu jagi ija. Pansi pa kutsekemera kwa nanazi panali kuwawa kotentha kukhosi. Inali ya ramu.

Ndinaima ndi supuni m'manja. Maganizo ena anati ndikhale chete, palibe amene wandiona. Ndinaganizanso za azakhali, amene dzina lawo ndi lomwe linandilowetsa pamalopo. Koma miyendo inali itayamba kale kuyenda. Ndinadutsa pamchenga paja ndi epuloni yonyowa, pakati pa mipando, mwana wa a Muhiwa ali pakati polankhula. Bambo Muhiwa anali atakhala kutsogolo, tambula ili m'manja pafupi ndi chibwano. Ndinagwada.

"Pepani bambo, ndalakwitsa. Imeneyi ili ndi mowa."

Anthu apafupi anatembenuka. Mayi Muhiwa anadzuka pampando. Bambowo sanaipereke msanga tambulayo. Anaiyang'ana kaye, kenako anaiika m'manja mwanga. Inali yodzaza monga ndinaithirira.

Nditabwerera kubala ndinapeza a Makwinja atafika, manja ali bii ndi oyilo. Ndinawauza zonse. Sanakalipe. Anasamba, anataya zotsala mu jagi inayo ngakhale inali yabwino, n'kundiuza kuti ndisende nanazi wina. Popeza makina ogayira zipatso sankagwira chifukwa cha magetsi, tinamusinja mumtondo wa kukhitchini n'kusefa. "Mukapereke nokha," anatero. "Wina asakunyamulireni."

Phwando linatha dzuwa lisanalowe. Ndikusonkhanitsa matambula, ndinkangodikira kuitanidwa ku ofesi. M'malo mwake anabwera bambo Muhiwa, maluwa a m'khosi atafota.

"Mwananga, fungo ndinalimva tambula isanafike n'komwe patebulo," anatero. "Ndinadziwa chimene chinali m'menemo. Ndinkadziuza kuti kulakwa si kwanga, ndi kwa a kubala, ndiye ndingomwa kamodzi. Mukanachedwa pang'ono, sindikudziwa."

Anagwedeza mutu n'kupita kugalimoto, komwe akazi awo ankawadikira. Mayiwo sanandilankhule tsiku limenelo, ndipo sindiwaimba mlandu.

Ntchito sinandithere. A Makwinja anandibweza kusinki milungu iwiri, kenako anandiitananso kubala. Lero ndimayendetsa bala pamalo ena, ndipo chakumwa chopanda mowa ndimachithira mu jagi yamtundu wina, patebulo lakelake, ndipo ndimachilawa ndisanachitumize. Koma chachikulu chimene ndinatola tsiku lija si cha majagi. Kulakwitsa pantchito ino kumachitika, makamaka anthu akamakufulumizitsa. Chimene uli nacho ndi kamphindi kochepa, tambula isanafike pakamwa pa munthu. Atsikana amene ndimawaphunzitsa ndimawauza kuti akazindikira kuti alakwitsa, asayambe kuganiza za manyazi kapena za abwana. Manyazi adzawamva pambuyo. Ayambe athamanga.