Mabotolo a aphunzitsi

Aphunzitsi opuma amene tayandikana nawo nyumba kuno ku Talsi amatseka mabotolo a nkhaka zamchere mothina zedi. Amati mawu a m'chinenero chathu cha kuno akuti ciešs ndi mphukira ya ciets, kutanthauza cholimba. Chivindikiro chothina ndi ciešs, koma ubwenzi wothithikana, poti m'galamala yathu ndi dzina lachikazi, ndi cieša. Akakupatsa botolo umabwerera nalo akutsegulire, basi wakhalira tiyi, makeke ndi phunziro.

Lachiwiri ndinapita nalo botolo langa. Anapotokola mpaka thukuta, osatheka.

"Iwe Ilmārs, manjawa apuma pantchito osandiuza."

Chisoni chitandigwira, ndinangopotokola kamodzi, phwa! Ndinaulula ndekha bodza la zaka zisanu loti sinditha kutsegula mabotolo awo.

"Kani umangotsatira makeke anga?"

"Ndi galamala yomwe, aphunzitsi," ndinayankha mkamwa mutadzaza.

Anandipatsa mabotolo ena awiri.