Doña Eufrosina wa Pakhomo pa Kanema

Doña Eufrosina anakalamba akugulitsa matamale, timikate ta chimanga tophikidwa m'makoko, pakhomo pa nyumba ya kanema ku Orizaba, koma palibe filimu ndi imodzi yomwe imene anaionera mpaka kumathero. Anabwera m'tauni ali mtsikana kuchokera ku minda ya khofi, n'kukwatiwa ndi Don Anselmo a ku fakitale ya nsalu. Malipiro a bambowo sankafika pakati pa sabata, ndiye mayi anagula chidebe ndi mbaula.

Ntchito yawo inkayenda chonchi. Lamlungu masana anthu akalowa, ankavundikira chidebe ndi chiguduli, n'kupatsa Nicanor wong'amba matikiti tamale imodzi, iye n'kuwalola kuima kumbuyo pafupi ndi chitseko. Mafilimu a masiku amenewo ankafanana ngati ana a mimba imodzi: mtsikana wosauka, bwana wa galimoto, diresi lonyezimira, ndolo, nyumba yolipiridwa ndi bwanayo. Kenaka bwana wapeza wina. Mtsikana akangoyamba kutsokomola kapena kugwada pakhomo pa mwamuna, mayi ankadziwa kuti kwatsala pang'ono, n'kutuluka kukakupiza makala kuti anthu apeze zotentha.

Tsiku lina Don Anselmo anabwera kunyumba nkhope ili gwaa. Anzawo kuntchito ankawaseka kuti akuleredwa ndi chidebe.

"Mkazi waulemu saima pamsewu. Kodi mafilimu mumaonerawo simuphunzirapo kanthu? Mkazi wosakhala pansi pa mwamuna amafera m'ngalande."

"Kaya. Ine kumeneko sindinafikeko."

"Ndiye Lamlungu mukhala mpaka ithe. Mukaona nokha, chidebe chija ndikagulitsa kwa wokhoma zidebe."

Mayi anangoyang'ana nsapato za ana zili pakhomo, zonse zochokera m'chidebe chomwecho.

Lamlungu bambo anavala jekete, n'kugula matikiti awiri. Matamale anali ataphikidwa kale, mayi anawaika panja pamalo pawo.

"Aa! Lero pampando, mayi?" anatero Nicanor. "Nanga ine ndidya tikiti?"

"Ng'amba pepalalo, iwe, usiye zolongolola," anatero Don Anselmo.

Filimu inayenda njira yake ija. Itayandikira kumapeto, mwininyumba anataya katundu wa mtsikanayo panja. Mtsikanayo anapita kukagogoda kwa bwana uja, mwana ali m'manja. Bwana anayatsa ndudu, n'kuponya ndalama pansi kuti atole.

"Akanakhala ndi mbaula mtsikana uyu," ananong'ona Doña Eufrosina.

"Chete! Onerani."

M'nyumba monse munali kufwenthera. Mayi ankaidziwa bwino mfwenthero imeneyo: anthu akalira amatuluka ndi njala, amagula awiriawiri. Ndipo makala panja anali akuzirala. Mayi anadzuka. Bambo anawagwira shawelo.

"Khalani pansi, afa pompano."

"Afe yekha. Ine moto ukuzima."

Anasiya shaweloyo m'manja mwa amuna awo, n'kupita.

Don Anselmo anatuluka pomalizira, maso ali psuu, shawelo ili pamkono. Anapeza anthu ataunjikana pachidebe, manja ali m'mwamba, mayi akulephera kukulunga ndi kubweza chenji nthawi imodzi.

"Ndiye wafa?" anafunsa mayi osadzutsa mutu.

"Wafa."

"Ndi chiyani?"

"Njala."

Bambo anaima pamenepo kanthawi, akusinthasintha shawelo mkono uwu ndi uwu. Kenaka anaikoleka pamapewa a akazi awo.

"Patseni kuno mapepalawo, ndizikulunga. Mukuchedwetsa anthu."

Mnzawo wina wa ku fakitale anali pamzere pomwepo, akuseka m'kamwa yasa.

"Anselmo, wayamba ganyu kwa akazi ako? Amakulipira bwanji?"

"Ufuna a nkhumba kapena a tsabola? Ngati sugula, patuka, kumbuyoko kuli anthu."

Anagula a tsabola, awiri.