Tinatsala Pang'ono Kuika Nthochi M'malo mwa Dumingu

Tasenderani kuno nonse, mphasa ndi yaikulu. Iwe uli kumbuyoko, lamyayo uyambe waiika pansi. Mwakhala mukundifunsa za agogo anu a Dumingu, aja mumawaona pa chithunzi atakoleka gitala ya magetsi, tsitsi lili nyankhalala. Inu mumawadziwa ali otchuka. Ine ndikuuzani za nyengo imene dzina lawo silinkadziwika kwa wina aliyense, ndipo ife abale awo tinatsala pang'ono kuwaika m'manda iwo akudya mabanzi ku Blantyre.

Ndikamva fungo la masau oyanika padzuwa, mtima umabwerera komweko. Inali nyengo ya masau ndi thonje kwathu ku Makhuwira, kutsidya kwa Shire, m'munsi mwa mapiri. Masau anali mbwee pa madenga ndi pa mphasa, fungo lake lowawasa mokoma likulowa ngakhale m'zovala. Thonje linaunjikidwa pakhonde mpaka kutseka zenera, ndipo tonse tinkayenda ndi timaulusi toyera m'tsitsi ngati nkhalamba. Zaka zanga sindizidziwa, pakuti kwathu sankalemba, koma ndinali nditayamba kusenza ndowa yodzaza osataya madzi.

Achimwene a Dumingu ndiwo anali oyamba kubadwa. Anadzipangira banjo ndi chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga, ndipo chilichonse chimene khutu lawo lamva, zala zinkachibweza. Akamva ulimba, choimbira cha timatabwa cha kwathu, ku ukwati, mawa lake ulimbawo uli m'chigubu. Bambo athu, Msena wochokera ku Mozambiki amene anadzakwatira kwa amayi, sankafuna kuona zimenezo. Tsiku lina anapeza mbalame zikudya mapira, mlonda wake ali pansi pa mtengo akukhwekhwereza mawaya, ndipo chigubu chija anachiponda mpaka kuphwatalala. Patapita masiku awiri achimwene anaoloka Shire kukadula nzimbe.

Mvula ili pafupi kutha, mvuu inagubuduza bwato la anthu odula nzimbe amene ankabwerera kwawo. Mitembo ina inapezeka, ina ayi. Pa bango, kumunsi kwa dooko, asodzi anatola jekete yofiirira yokhala ndi chigamba cha chitenje pachigongono. Inali ya achimwene, ndipo chigamba chimenecho anasoka ndi amayi. Ku nzimbe anati Dumingu sanaonekenso kuyambira sabata lomwelo.

Mwambo wa kwathu ndi wakuti munthu akapita ndi madzi, mtembo osaoneka, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga ndi chovala chake, n'kuliika m'manda monga munthu. Akatero abale amameta, ndipo dzina lija salitchulanso pakhomo. Wotereyo akadzatulukira ali moyo, anthu amamuthawa ngati mzukwa. Ku Mlolo kunali bambo wina amene zinamuchitikira, ndipo anakalamba akudya yekha kumapeto kwa mudzi. Amayi anakana mwambowo miyezi itatu. Koma mwini mbumba anali mlongo wawo, atsibweni a Bizeki, ndipo iwo anagamula kuti thonje likangotha kugulidwa, maliro achitike. Mapira a mowa wa maliro ananyikidwa. Nthochi yake inasankhidwa, ya kuseri kwa bafa, ndipo ine ndinkailambalala ndikamapita kukasamba.

Masiku amenewo amayi ankandituma kukagulitsa masau pafupi ndi msika wa thonje. Ndinkakhala pansi pa khonde la sitolo pamene panali telala, a Matiyasi, mwini wailesi yokhayo m'dera lonselo. Wailesiyo anaisokera malaya ake, ndipo mabatire ankawandandalika padzuwa ngati nsomba kuti apezeko mphamvu. Makina ankalira tcheketcheke, ngolo za ng'ombe zikudutsa ndi matumba a thonje, fumbi likutera pa lichero langa.

Tsiku lina masana munayamba nyimbo ya bambo wa mawu okhuthala, wodandaula za mkazi amene anamuthawa. Sindinkamvetsera n'komwe. Koma woimbayo atapuma, gitala inalankhula yokha pang'ono, ndipo ndinasiya lichero n'kutchera khutu. Kanali kanyimbo ka pamtondo ka amayi. Anakapeka okha, ndipo ankakaimba pokhapokha bambo ali kumunda. Kanali ndi malo ena pamene kamadumpha ngati kapunthwa, pomwe munsi umagwera mumtondo, ndipo gitalayo inapunthwa pomwepo. Pa dziko lonse otha kukadziwa tinali atatu: amayi, ine, ndi munthu amene ankakaimba pa chigubu kuseri kwa nkhokwe kuti amayi aseke. Ndinadikira kuti muulutsi atchule dzina. Anatchula la munthu wa ku Dedza.

Ndinathamangira kunyumba masau akutayika m'njira. Amayi anandimvetsera, kenaka anandigwira dzanja mwamphamvu. "Malita, usasewere ndi mtima wanga," anatero, n'kubwerera kukapeta. Bambo anati wamasiye amamva mawu a wakufa ngakhale m'kulira kwa chitseko.

Sindinaleke. Ndinasendeza lichero pafupi ndi wailesi, makutu ali tcheru. M'masiku ochepa ndinakamvanso kawiri: m'nyimbo ya kwaya ya amayi a ku mpingo wina wa ku Zomba, ndiponso, musaseke, m'kanyimbo kotsatsa sopo. Maina anali osiyanasiyana, la Dumingu panalibe. Izi zinangoipitsa zinthu. Tonse kumudzi tinkadziwa kuti amene watchulidwa pa wailesi ndiye waimba zonse, mawu ndi gitala yomwe, monga amachitira woimba bangwe pamowa. Tsono munthu mmodzi angakhale bwanji wa ku Dedza, akhalenso kwaya, akhalenso sopo? Atsibweni anati mzimu wa mnyamatayo ukuzungulira mwana chifukwa sunagonekedwe, ndipo anasendeza tsiku la maliro kuti lifike msanga.

Amene anandiombola ndi a Matiyasi. Iwo anasokapo zovala ku Limbe, ndipo atamva chimene chinkandiliritsa anaimitsa makina n'kuitanitsa atsibweni. Anawafotokozera kuti ku Blantyre kuli chipinda chojambuliramo nyimbo, chopanda zenera, makoma ake okutidwa kuti phokoso la kunja lisalowe. Oimba ambiri amafika ndi pakamwa pokha. M'menemo mumakhala anyamata odikira ndi magitala ndi ng'oma, ndipo aliyense wobwera amamuimbira, m'mawa wa kwaya, masana wa chikondi, kenaka wa malonda. Akatha amalandira zawo n'kumapita, dzina n'kukhala la mwini nyimbo.

"Ndi ganyu, a Bizeki," anatero a Matiyasi. "Nkhokwe ikadzaza, alipo amatchula waganyu?"

"Ganyu wa gitala!" atsibweni anaseka. "Mawa mudzatiuza kuti kuli ganyu woyetsemula."

Komabe nkhaniyo inawafika amayi. Mawa lake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kudzakhala pansi pafupi ndi makina a telala, miyendo atatambasula. Tsiku loyamba nyimboyo sinabwere. Lachiwiri mabatire anafooka, a Matiyasi n'kumawaluma m'mbali kuti atsitsimuke. Lachitatu linali lomaliza kugula thonje, ndipo maliro anali mkuja. Anthu anadzaza pamsika, bambo ndi atsibweni ali pomwepo ndi matumba athu omaliza.

Dzuwa litapendeka, pa nthawi yopatsana moni, bambo wa ku Dedza uja anayamba kudandaula. Ndinakoka chitenje cha amayi. Gitala italankhula koyamba, amayi anaimirira, dzanja pakamwa. Ndinathamanga kukakoka atsibweni ndi bambo, ndipo anafika ikulankhula kachiwiri.

"Nyimbo zimafanana, mlongo," anatero atsibweni mofatsa. "Ngati ndi yako, mawu ake ali kuti? Ife sitinaimvepo."

Amayi anayang'ana bambo, anayang'ana khamu lonse lija, alamu awo, akulu a mpingo, ogula thonje. Nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu woti aoloke pamadzi ozama. Woimba atapuma kachitatu, anatsegula pakamwa n'kuyenda limodzi ndi gitala, phazi likugunda pansi pamalo a munsi:

"Nkhwazi yanga ya kumtunda,
nsomba imaionera m'mbale,
ikaona bwato, miyendo njenjenje."

Mawu ndi gitala zinalowana ngati chivundikiro ndi mphika wake, mpaka pamalo opunthwa paja. Msika wonse unaphulika ndi phwete. Panalibe wosadziwa kuti bambo athu, Msena wathunthu, ankaopa madzi moti sanakwerepo bwato chikwatirire. Amayi anaphimba nkhope ndi mpango.

Bambo anavula chipewa. "Amake Dumingu, nkhwaziyo ndine?"

"Ndinu, bambo ake."

"Zaka zonsezi?"

"Pokhapokha mukandikwiyitsa."

Bambo anakhala pansi pa thumba la thonje. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu. "Takhuta, Mulungu," anathokoza m'Chisena chawo. "Munditukwane mmene mungathere, bola mwana alipo."

Atsibweni sanali munthu wouma mtima. Analamula kuti nthochi isadulidwe, ndipo m'mawa mwake iwo ndi a Matiyasi anakwera pamwamba pa lole ya thonje yopita ku Blantyre. Tinadikira masiku anayi. Mowa unali utapsa kale m'mitsuko, ndipo palibe ankadziwa kuti ndi wa maliro kapena wa chiyani. Amayi ankasesa bwalo katatu patsiku. Ine ndinkakwera mtengo wa masau kuyang'ana kumsewu mpaka minga inandithera m'miyendo.

Tsiku lachisanu, dzuwa lili paliwombo, ndinaona anthu atatu akutsika njira ya kumsika. Wapakati anali wowonda, atavala buluku lotambalala kumiyendo ngati siketi. Ndinagwa mumtengomo, osati kutsika. Amayi anawapapasa achimwene kumaso, m'mapewa, m'manja, kenaka anawamenya mbama imodzi yomveka mpaka kukhola, n'kuwakumbatira osawasiyanso. Bambo anangogwira zala zawo n'kumaziyang'ana. Nsonga zake zinali zolimba ngati chikopa cha ng'oma.

Achimwene za bwato sanazimve n'komwe. Anachoka ku nzimbe masiku awiri ngozi isanachitike, atasinthanitsa jekete ndi nsapato za mnzawo wa ku Nsanje, poti ku tauni sakanalowa osavala kuphazi. Ku Blantyre ankasesa pa bala ina pamene gulu loimba linkasungira zida, ndipo tsiku lina woimba gitala ataledzera, iwo ananyamula gitalayo. Ndimo anawatengera ku chipinda chojambulira chija. Uthenga sanatumize chifukwa analumbira kuti bambo adzayambe amva dzina lawo pa wailesi. Mowa uja tinamwa wa chikondwerero, ulimba ukulira mpaka dzuwa kulowa. Koma sabata lotsatira amayi anachapa jekete ija, anaipinda, n'kupita nayo okha ku Nsanje, chifukwa kumeneko kunali mayi wina amene ankadikirabe mwana wake.

Asanabwerere ku tauni, ndinawapeza achimwene pawokha n'kuwafunsa ngati kanyimbo kaja ankatumizira ine, podziwa kuti ndidzakamva. Anaseka n'kundisisita kumutu. "Ayi, mlongo wanga. Woimba akapuma, bwana wojambula amakuloza kuti tseka mpatawo. Ulibe nthawi yoganiza. Zala zimangopita kumene zikudziwa." Ndinakwiya, ndipo tsiku lonse sindinawalankhule.

Anakhala zaka zina zisanu pa ganyu ameneyo, akuimbira aliyense, a rumba, a kwaya, a nyimbo za makolo, mpaka panalibe maimbidwe amene sankawadziwa. Kenaka anayambitsa gulu lawo, gitala yawo ikulira mokalipa monga mumaimvera ija, ndipo anafika nayo ku Joni ndi ku maiko a azungu. Tsiku limene dzina lawo linatchulidwa koyamba, bambo anaima pakati pa msika kuuza aliyense kuti gitala anawaphunzitsa ndi iwo. Anamwalira asanakwerepo bwato. Amayi anakhala nthawi yaitali, ndipo kanyimbo kaja anayamba kukaimba poyera bambo akadali moyo, iwo akuvomereza. Atsibweni a Bizeki, kufikira imfa yawo, sanalolenso kuika nthochi chaka chisanathe. A Matiyasi analandira wailesi yatsopano kuchokera kwa achimwene, koma maso atafooka anabwerera kwawo ku Chikwawa. Achimwene tinawaika zaka zapitazi, thupi lawo lenileni, tsitsi lili mbuu, anthu atadzaza mpaka kumsewu.

Ndili mwana ndinkafuna kuti kanyimbo kaja kakhale kalata yanga, ndipo zinandipweteka kumva kuti kanali kotsekera mpata m'nyimbo ya mwini. Koma ine ndakula, ndipo chaka cha njala ndinalimako ganyu m'minda ya anthu. Waganyu salima moganizira kwawo. Amangoweramira pansi, khasu n'kumagwa monga anamuphunzitsira amake. Mwini munda amaona mizere basi. Koma akadutsa wa kwanu, amaima n'kunena kuti apa palima mwana wa kwathu, ndipo ali moyo.